Agogo a Basil pa Sikelo

Pachilumba cha Likoma pano, mukafunsa munthu aliyense amene anabatizidwa ali khanda, adzakuuzani kuti agogo ake anali kaputeni pa chombo cha amishoni. Amene ankapalasa, kukoka zingwe ndi kukapa madzi zikuoneka kuti anafa onse osasiya mbewu. A Basil a ku Yofu, kalaliki wopuma amene anathera mphamvu zake ku Bulawayo, nkhani imeneyi sankaitenga ngati macheza a pabawo. Iwo ankadziwa ndithu kuti agogo awo ndiwo ankagwira chiwongolero cha Mthenga, chombo chamatanga chimene chinkaolotsa ansembe oyamba kupita kutsidya. Chinkawapweteka n'chakuti a Hamilton, mkulu mnzawo wa mumpingo, ankanena zomwezo za agogo awonso, ndipo mkanganowu unali utamera nawo imvi limodzi.

Zitamveka kuti tchalitchi cha ku Yofu chikwanitsa zaka zana, ndipo kubwera wansembe wamkulu kuchokera kumtunda, a Basil anaona kuti mpata ndi womwewu. Ana awo onse anali kunja. Akanati afe mlandu usanagamulidwe, mbiri ikanatsala m'kamwa mwa Hamilton yekha, ndipo zimenezo zinkawasowetsa tulo. Anakumbukira kachombo kamatabwa kamene kankakhala m'galasi mu ofesi ya bwana wawo wachizungu, kokhala ndi timatanga, tizingwe ndi tianthu take, kamene palibe mlendo anakatsutsapo. Tsono anatenga ndodo ulendo wa ku Mbungo, kwa Celso, mmisiri wa maboti amene anaoloka kuchokera ku Cobue, kutsidya kwa nyanja, nthawi ya nkhondo n'kuiwala kubwerera. Celso anali ndi manja abwino ndi vuto limodzi lokha: mawu ankawatenga monga momwe mwini wake wawanenera.

"Ndikufuna undikhomere Mthenga," anatero a Basil atakhala pa bwato lovundikira.

"Chidamira kale chija?"

"Chomwecho. Koma cha pa sikelo."

Celso anaika kasemasema pansi.

"Sikelo ili kumsika ku Chipyela, bambo. Ya usipa."

"Osati imeneyo."

"Ina ili kuchipatala, ya ana. Koma chombo sichingalowe m'kabudula amakoleka uja."

"Sikelo ya anthu ophunzira, iwe. Wani ku twente."

"Makilo twente?"

"Palibe makilo."

"Sikelo yopanda makilo," anabwereza Celso pang'onopang'ono, ngati akulawa nsomba yachilendo.

A Basil anafotokoza modekha, monga ankachitira ndi amesenjala atsopano ku ofesi. Anati chombo chenichenicho chinali chotalika mapazi fote, tsono chilichonse chimene chinali mmenemo achigawe ka twente, ndipo chituluke kachombo ka mapazi awiri kofanana ndendende ndi mayi wake. Celso anagwedeza mutu, natenga kamtengo n'kuyamba kulemba pamchenga. A Basil mtima unakhala pansi, osadziwa kuti ulendo ukungoyamba.

"Milongoti idali ingati?"

"Iwiri."

Celso analemba, nafufuta ndi phazi.

"Palibe mlongoti."

"Ilipo iwiri, ndakuuza."

"Iwiri kugawa twente sizitheka, bambo. Mwati chilichonse."

"Kukula kwake, osati kuchuluka kwake."

"Anthu adalimo angati?"

"Khumi."

"Theka la munthu. Ndiseme lakumtunda kapena lakumunsi?"

"Useme anthu khumi amphumphu, ndi kaputeni wawo."

"Kaputeni mmodzi," anatero Celso akuyang'ana pamchenga mwachisoni. "Pepani, bambo. Agogo anu atsala chala chakuphazi."

Dzuwa linafika pamutu asanamvane. Celso sankachita chipongwe. Ankangokumbukira kuti safunsa anadya phula. Pomalizira anagwira mfundo yake, ndipo a Basil anamuuza momwe agogo awo aimire kumbuyo atagwira chiwongolero, ndi momwe agogo a Hamilton awerame pakati ndi chikho chokapira madzi. Ponyamuka anachita mantha kuti mmisiriyu angakometsere za kwawo, n'kulemba pambali pa chombo kuti Zonse ndi Nthawi monga amachitira pa maboti a asodzi. Ndiye anamuloza ndi ndodo.

"Sikelo siinama. Usawonjezere kanthu, usachepetse kanthu, ngakhale ine ndemwe nditabwera kudzakupempha."

Mawuwa anawakoma okha m'kamwa, moti anawabwereza kangapo m'njira pobwerera ku Yofu.

Tsiku limene anaitanidwa kukaona ntchito, a Basil anaima kakasi. Kachombo kanali pa thabwa, kosalala, tizingwe take ta ulusi wa ukonde titamangika bwino, timatanga ta nsalu ya thumba la ufa titakunga ngati tagwira mphepo. Kanaposa ka mzungu uja kutalitali. Misozi inalengeza m'maso mwa nkhalambayo, ndipo sanachite nayo manyazi. Anakanyamula ndi manja awiri, nakatembenuza uku ndi uku.

"Nanga agogo ali kuti?"

"Mwawapsinja ndi chala chachikulu."

A Basil anachotsa chala. Kaputeni wa Mthenga analipodi, ndi chipewa chake chomwe, wamfupi kuposa chala chamkombaphala. Munthu wokhala pa benchi yachitatu m'tchalitchi akanamuyesa msomali wosakhomeka bwino. Choipitsitsa n'chakuti wokapa madzi uja, ngakhale anali chiweramire, ankaoneka bwino kuposa mwini chombo.

"Uyu watalika chonchi bwanji?"

"Mudati a kwa Hamilton onse ndi milongoti. Ndidakawaonanso ndekha siku la Mulungu. Sono a kwanu..." Celso anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sizinamutengere nthawi.

"Kuza agogo okhawo. Afike apa, pachigongono."

"Mudandiletsa."

"Ndine ndemwe ndikukuuza."

"Mudatinso ngakhale inu nomwe."

"Uja anali ine wa siku lija."

"Ndiye amene ndidapangana naye, bambo. Akabwera iyeyo kudzasintha, ndisintha."

Munthu wina akanangoseka n'kunena kuti analankhula mopupuluma. A Basil chibadwire anali asanabwezepo mawu. Ngakhale malemu akazi awo anapita kumanda akudikira kupepesedwa pa nkhani ya mbuzi ina. Anagogodagogoda pansi ndi ndodo mpaka anapeza khomo lotulukira osawerama. Anati sikelo singaphwanyidwe, koma ingasinthidwe. Chombo chonse chikule, agogo akulire momwemo. Wani ku teni.

"Teni ndi wamkulu kuposa twente?"

"Pa sikelo, inde."

"Zimenezo ku Cobue sitidafikepo," anatero Celso. "Nkhondo idatisokoneza sukulu."

Chombo chachiwiri chinatuluka chotalika ngati mbuzi yaikulu, ndipo agogo anafika msinkhu wa chikhatho. A Basil anachiika pamwala, nabwerera chafutambuyo mtunda wofanana ndi kutalika kwa tchalitchi, navula magalasi, poti ambiri amene umboni wawo umawerengedwa mumpingo maso anawathera kale. Anaona matanga awiri, ndi kanthu kena kakuda pakati. Atayandikira anapeza kuti kanthuko ndi agogo a Hamilton, amene anali atakula nawo mosapemphedwa. Analamula kuti aweramitsidwe kwambiri, mutu ulowe pansi penipeni.

"Akawerama kuposa apa, anthu ati akupemphera," anachenjeza Celso. "Aoneka woyera mtima."

A Basil anaganiza mofulumira ndipo anawasiya momwemo. Chinatsala n'kukuzanso chombo. Koma apa Celso anatambasula manja: matabwa anali atatha. Chilumba chino mitengo yake ndi milambe, imene thabwa lake silisiyana ndi chinkhupule, ndipo mbawa ndi mlombwa zimachokera kutsidya. Mwera unali utakwiya masiku amenewo, maboti onse ali pamtunda, ndipo chikondwerero chinali pafupi. A Basil anabwerera kwawo osatsanzika bwino.

Kudenga kwa nyumba yawo kunali matabwa a mlombwa amene anagula chaka chimene anabwerako ku Bulawayo. Anawadulitsa pa msinkhu wawo, chifukwa anali ataona anzawo akuikidwa m'mabokosi a zitseko zakale, mahinji ali pomwepo, ndipo analumbira kuti iwo sadzapita choncho. Chaka ndi chaka ankawatsitsa, kuwapukuta ndi kuwapaka mafuta. Kuwatsitsa ulendo uno kunawawawa kwambiri, ngati akugulitsa munda. Komabe kugona m'mlombwa Hamilton akunama pamwamba pawo anaona kuti sikugona ayi.

Celso atawaona matabwawo anavula chipewa.

"Awa ndi a bokosi lanu."

"Ndi matabwa."

"Mukafa mudzagona pati?"

"Wakuuza ndani kuti ndikufa?"

"Palibe. Koma adawadulayo ankakudziwani."

"Siya zimenezo. Wani ku faifi."

Celso anagoneka thabwa pansi, nayeza ndi mapazi, nayezanso.

"Faifi sakwana. Thabwa lathera apa. Ikhala wani ku seveni ndi kanthu."

"Sikelo ilibe kanthu."

"Sikelo sopano ndi inuyo, bambo. Mukadakhala wamtali ngati a Hamilton, agogo anu akadakula."

Zinali zoona, ndipo ndicho chinawakwiyitsa a Basil.

Ntchito inatha dzulo lake la chikondwerero. M'mawa wa tsikulo a Basil anafika ku Mbungo atavala suti yakuda ya ku Bulawayo ndi nsapato zimene zinkatuluka pa maukwati pokha. Chombo chinali chokongola moti asodzi anayi, abale ake a Celso amene anabwera kudzachinyamula, anasiya kutafuna chinangwa. Agogo anali atafika pafupi ndi chigongono, chifuwa chili patsogolo. Popeza njira ya ku Yofu imadutsa pansi pa mango, Celso anazula milongoti kuti isakole nthambi. A Basil anafunditsa chombocho nsalu yoyera ya pabedi, nalumbiritsa onse asanu kuti asauze munthu chimene anyamula, ndipo nsalu isavundukulidwe mpaka pamaso pa wansembe wamkulu. Ankafuna kuti Hamilton achione pamodzi ndi mpingo wonse, asapeze nthawi yokonza bodza.

Anayenda bwino mpaka pa mlambe waukulu wa pakati pa njira. Apo miyendo ya a Basil, imene inali itayenda kale ulendo umodzi m'nsapato zothina, inakana. Anakhala pamwala thukuta lili kamukamu. Celso anati chombo chitsogole, iwo abwere pambuyo akapuma. A Basil anati agogo awo salowa m'tchalitchi popanda iwo. Celso anati ndiye onse adikire. A Basil anati kaputeni sachedwa. Celso anayang'ana chombo, nayang'ana mwini wake.

"Mukwanamo," anatero. "Ndi msinkhu wanu."

Anachotsa timipando ta m'katimo ndi tianthu tonse, nawagoneka a Basil chagada m'chombomo, atakumbatira agogo pachifuwa kuti asathyoke. Anafunditsanso nsalu. Asodzi anayi aja anasenza pamapewa, ndipo chifukwa cha kulemera ankayenda pang'onopang'ono, mitu ili pansi, osalankhula poti analumbira. Celso anatsogola atanyamula mlongoti waukulu choimika, ndi mtengo wake wopingasa wa thanga, kuti tizingwe tisapotane. Iye ankaona mlongoti. Aliyense wa m'minda ya chinangwa ankaona mtanda.

Woyamba kuwaimitsa anali mai Elsie, mtsogoleri wa amayi a mumpingo, amene ankapita kuchikondwerero atasenza beseni la mandasi.

"Celso, mwanyamula chiyani?"

"Adatiletsa kunena, mai."

"Nanga a Basil ali kuti? Ati adabwera kwanu m'mawa."

"Ali momwemu."

Beseni linatsika lokha.

"Zachitika liti?"

"Posachedwapa, pa mlambe paja. Miyendo idangofooka, tidawagoneka."

"Matabwawa si aja ankasunga kudenga?"

"Omwewo. Adabwera nawo okha. Ndidawafunsa kuti mukafa mudzagona pati, adandikalipira."

"Adadziwa, kalanga ine. Adasiya mawu?"

"Adati nsalu isavundukulidwe mpaka pamaso pa wansembe wamkulu."

Pansi pa nsalu a Basil anali atawodzera ndi kugwedezeka kwa chombo, ndipo anadzidzimuka ndi kulira kwa mai Elsie kukuthamangira kutsogolo. Anaganiza kuti kwagwa zovuta kwinakwake, nadandaula mumtima kuti anthu ena sadziwa kusankha tsiku lofera. Pofika pabwalo la tchalitchi, kwaya imene inakonzekera nyimbo zachimwemwe inali itatembenukira kale ku nyimbo za maliro, ndipo amayi anali atamasula mipango n'kumanga m'chiuno. Chombo chinatsitsidwa pansi pa mtengo. Ndi pamene a Basil anamva dzina lawo likulirika, n'kuzindikira kuti wosadziwa kusankha tsikuyo ndi iwo.

Anakunga mkono kuti akankhe nsalu. Nthawi yomweyo anamva kutsokomola kumene akanakuzindikira ngakhale pakati pa namondwe. A Hamilton anali ataimirira.

Anati iwo ndi malemuwa anakulira limodzi, anakwapulidwa ndi mphunzitsi mmodzi, ndipo anakangana moyo wawo wonse pa nkhani imene aliyense pano akuidziwa. Anati munthu sulimbana ndi wakufa. Anati lero, pamaso pa mpingo, akufuna kutula katundu: agogo a malemu Basil ndiwo anali kaputeni wa Mthenga, ndipo agogo awo a iwo ankangothandizira. Anthu anang'ung'udza movomereza, amayi analira mokweza.

Mkono wa a Basil unabwerera pachifuwa wokha. Chimwemwe chimene anamva anali asanachimvepo, ngakhale tsiku la ukwati wawo. Zimene zombo zitatu zosiyana zinalephera kunena, Hamilton anazinena ndi pakamwa pake, ndipo ankapitiriza. Anali atayamba kufotokoza za nzeru za malemuwa, ndi Chingelezi chawo chimene azungu ankabwereka.

Celso anagwada pambali pa chombo ngati akupemphera, nayandikiza pakamwa pa nsalu.

"Bambo, akuti mwafa."

"Ndamva. Khala chete."

"Ndiwauze?"

"Uwauze chiyani? Wamva zimene wanena Hamilton?"

"Ndamva. Koma wanena chifukwa mwafa."

"Ndiye ukufuna ndidzuke kuti abweze?"

"Ine bodza sinditha, bambo."

"Palibe wakutuma bodza. Pitiriza kunena zoona momwe wachitiramu."

Celso anakanda m'mutu. Anadzuka, napita kumene akuluakulu anamukodola, ndipo a Basil anatsala akuwerengera. Mawu a Hamilton anali okoma, koma ananenedwa pamaso pa anthu a ku Yofu okhaokha, amene mawa akhoza kunena kuti mphepo inkawomba sanamve bwino. Pankafunika kuti awabwereze wansembe wamkulu ali pomwepo. Nsalu inali itayamba kutentha, chipewa cha agogo chinkawabaya pachibwano, ndipo nyerere ina inali italowa mu sokosi, koma munthu amene wadikira moyo wake wonse salephera kudikira mpaka masana.

Celso anabweranso, nagwada.

"Wansembe wamkulu sadafike. Boti lawo latsakamira kumtunda ndi mwera. Ati mwina mawa."

"Tidikira."

"Akuluakulu ati ndi kutentha kuno simungafike mawa."

"Ndifika. Ndikudziwa thupi langa."

"Andifunsa ngati bokosili lili ndi chivundikiro. Ndati lilibe, koma thabwa lidatsalako limodzi."

"Wayankhiranji zimenezo?"

"Adandifunsa. Atuma kale munthu ku Mbungo, ndi misomali yomwe."

Kunjaku a Hamilton anali atafika pa kufatsa kwa malemuwa, kuti anali munthu wosakonda mikangano, womva za anzake, ndipo mpingo unkavomera ndi mtima wonse. Kenaka anabwereranso kwa kaputeni, n'kuwonjezera kuti ankawongolera chombo ndi dzanja limodzi pa mwera, zimene ngakhale a Basil anali asanazimvepo.

"Bambo," ananong'onanso Celso, "adzukulu atenga makasu ndi mapiki. Akufunsa akumbe pati."

Pansi pa nsalu a Basil anatcheranso khutu kwa a Hamilton.

"Pafupi ndi agogo," anayankha malemuwo. "Koma uwauze akumbe pang'onopang'ono. Hamilton sadamalize."